Ndinkalirira mandasi pomwe ufa wa nsima uli m'nyumba

Ndinafika ku Leicester ku England mu 2022 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wathu wamkazi ndi bambo ake ananditsatira patapita miyezi inayi, mwanayo ali ndi zaka 4. Ku Area 25 ku Lilongwe ankadya zomwe tonse tinkadya: phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa, nsima masana ndi madzulo, mbatata ikakhala nyengo yake. Buledi ankaoneka kumapeto kwa mwezi, mandasi pokhapokha amalume ake akabwera. Anali wochepa thupi, koma kwathu tonse ndife anthu afupiafupi, ndiye palibe amene ankadabwa naye.

Kuno kadyedwe kanasintha tsiku limodzi. Ine ndinkagwira shifiti ya usiku, bambo ake ya masana, ndipo chakudya chofulumira kukonza munthu uli ndi tulo m'maso ndi buledi wowotcha, pasta ndi masoseji. Kusukulu nako, ana a makalasi atatu oyambirira ku England amadya chamasana chaulere, ndipo masiku ambiri chimakhala cha tirigu. Ine ndinkanyadira. Ndinkajambula mwana atagwira pizza n'kutumizira abale pa WhatsApp kuti aone kuti tafikadi.

Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi mimba yake inayamba kufufuma, ili tuu ngati ng'oma, pomwe manja ndi miyendo zikuonda. Chimbudzi chinali chotuwa, chonunkha moipa, katatu kapena kanayi pa tsiku. Mwana amene ankathamanga tsiku lonse ndi anzake kunja kwa mpanda anayamba kugona pa sofa akangochoka kusukulu, ndipo ukamukhudza pang'ono ankalira. Ife tinati ndi kuzizira. Kenako tinati ndi njoka za m'mimba, mpaka mnzanga wina anatibweretsera mankhwala ake pochokera kumudzi. Kwa GP, dokotala wa m'dera lathu, anamuyeza magazi, anapeza kuti ndi ochepa, anatipatsa mankhwala a ayironi. Zovala zomwe anabwera nazo kuchokera ku Lilongwe zinali zikumukwanabe atatha chaka chathunthu.

Usiku wina kuntchito, agogo onse atagona, ndinalemba zizindikiro zake pa foni ndipo ndinakumana ndi dzina loti celiac, limene kuno amalemba coeliac. Ndinawerenga kuti kuno ku Britain munthu mmodzi mwa anthu 100 ali nawo matendawa. Mumtima ndinati amenewo ndi a azungu, ife atipeza bwanji? Komabe zizindikiro zinkafanana kwambiri, ndiye m'mawa mwake ndinachita zomwe mayi aliyense angachite. Ndinamusiyitsa buledi, pasta ndi mabisiketi, n'kuyamba kumulongedzera chakudya chopita nacho kusukulu.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa kwambiri, ndipo ngati pali chimodzi choti mutolepo pa nkhani yangayi, chikhale chimenechi. Musamusiyitse mwana tirigu asanayezedwe.

Patatha milungu itatu mwana anasintha. Mimba inaphwa, anayamba kuseka. Ine chimwemwe chinadzaza tsaya, ndipo nditapeza mpata wokaonana ndi dokotala, patatha miyezi iwiri, ndinalowa monyada kuti matenda ndawapeza ndekha, iwo angotsimikiza. Dokotala anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifotokozera kuti poyeza magazi amafufuza asilikali a m'thupi otchedwa tTG, amene thupi la wodwala matendawa limapanga pokhapokha munthuyo akudya gluten, puloteni yopezeka mu tirigu. Ukasiya kudya, asilikaliwo amachepa, ndipo zotsatira zimatha kuonetsa kuti mwana alibe vuto pomwe ali nalo. Kuti ayezedwe moyenera ankafunika kudyanso tirigu, kopitirira kamodzi pa tsiku, kwa milungu yosachepera 6.

Ndinafunsa kuti, "Adokotala, nanga poti wachira kale, tiyezerenji?" Anandiyankha modekha kuti ngati alidi celiac, ndi nkhani ya moyo wake wonse, ndipo kusala kwake si kongochepetsa ayi, ngakhale nyenyeswa imawerengedwa. Popanda chitsimikizo, tsiku lina ineyo ndidzayamba kukayika n'kumamulola pang'onopang'ono, kusukulu sadzazitenga mozama, ndipo kuchipatala sadzamutsatira kakulidwe kake. Ankanena zoona, ngakhale tsiku limenelo ndinatuluka nditakwiya.

Milungu 6 imeneyo sindifuna kuikumbukira. Kumupakira majarini pa buledi ndi manja angawa, ndikudziwa kuti usiku adzadzipinda ndi m'mimba. Iye ankasangalala kuti buledi wabwerera, ine ndikulowa m'bafa kukalira. Ndikanapita kukamuyezetsa sabata lomwe ndinayamba kukayikira lija, akudyabe tirigu, mavuto onsewa sakanakhalapo, ndipo tikanapulumutsa miyezi pafupifupi inayi.

Zotsatira zinabwera zokwera kupitirira ka 10 pa mlingo woyenera. Anamutenganso magazi kachiwiri kuti atsimikize, ndipo dokotala wa ana anati kwa ana, manambala akakwera chotero, nthawi zambiri safunikanso kulowetsa kachubu m'matumbo kukatapa kanyama. Pamenepo pokha ndinapumako. Anandijambulira papepala momwe m'kati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tosawerengeka tonga ubweya wa thaulo, timene timayamwa chakudya. Mwa munthu wa celiac, gluten akalowa, thupi limadziukira lokha n'kusalaza timinofuto, ndiye chakudya chimangodutsa. N'chifukwa chake mwana ankadya koma osakula, magazi n'kumachepa. Gluten ali mu tirigu, mu balere ndi mu mbewu ina yotchedwa rye. Mankhwala palibe. Mankhwala ake ndi mphika wa mayi.

Mawu amenewo anandilemera kuposa momwe ndinkayembekezera. Kuti tionane ndi katswiri wa kadyedwe tinadikiranso milungu ingapo, ndipo m'nthawi imeneyo ndinapenga nazo zogula. Ndinkapita pa shelefu ya zakudya zopanda gluten n'kutola chilichonse: buledi, mabisiketi, pasta, makeke, ufa wamitundumitundu. Buledi wamba ndinkagula ndi ndalama yosakwana paundi imodzi, pomwe kabuledi kopanda gluten, kakang'ono, kouma, kongoyoyoka ukamadula, kankapitirira mapaundi atatu. Mwana ankaluma kamodzi n'kusiya. Mwezi woyamba ndalama ya chakudya inakwera mpaka ndinachepetsa yomwe ndimatumiza kumudzi, ndipo ndinachita manyazi kunena chifukwa chake. Ndinadzamva mochedwa kuti ku England m'madera ena dokotala amatha kulembera mwana buledi ndi ufa wopanda gluten ngati mankhwala. Kuyambira mu December 2018 zololedwa ndi ziwiri zokhazo, ndipo madera ena anasiyiratu, choncho funsani msanga za kwanuko, musadikire kuti akuuzeni.

Ndi ndalama zonsezo mwana ankadwalabe mwa apo ndi apo. Ndinkasowa mtengo wogwira. Katswiri wa kadyedwe uja atandifunsa mafunso, mbava zinapezeka m'khitchini mwanga momwe. Ma cornflakes amene ndinkati ndi chimanga basi anali ndi chimera cha balere. Chakumwa cha m'chitini chija timasungunula mu mkaka, chimodzimodzi. Soy sauce ali ndi tirigu. Masoseji ambiri a kuno amasakaniza ndi nyenyeswa za buledi. Timakyubu tina tokometsera msuzi tilinso ndi fulawa. Ndiye panali toaster, kachipangizo kowotchera buledi, imodzi ya banja lonse, ndi kontena imodzi ya majarini momwe bambo ake ankapisamo mpeni atapaka kale pa buledi wawo.

Nkhani ya majarini inatiyambanitsa. Iwo anati, "Mayi, mwayamba kukokomeza. Kanyenyeswa kangamuphe munthu?" Ine ndinayankha mawu amene sindingawalembe pano. Chomwe chinathetsa mkanganowo ndi nambala. Lamulo la kuno limati chakudya chitchedwe chopanda gluten pokhapokha ngati gluten wake sapitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Nditawauza kuti ayerekeze kilogalamu ya shuga n'kuganiza kuti mamiligalamu 20 ndi kachani, anangoti chete. Mawa lake anabwera ndi toaster yachiwiri, n'kumata tepi yofiira pa chilichonse cha mwana: majarini ake, jamu wake, sefa yake, thabwa lake lodulirapo. Mthiko ndi chipande zomwe ndinkatakasira nazo pasta ndinazisiya, ndinagula zatsopano, chifukwa mtengo uli ndi ming'alu yomwe sopo safikamo.

Kuwerenga malebulo ndinakuzolowera msanga kuposa momwe ndinkaopera. Kuno lamulo limakakamiza kuti zinthu 14 zomwe zimadwalitsa anthu ena zizioneka bwino pa mndandanda wa zosakaniza, kawirikawiri m'zilembo zakuda kwambiri, ndipo tirigu, balere, rye ndi oats zili m'gulu limenelo. Palinso chizindikiro cha ngala ya tirigu yodulidwa ndi mzere, chimene bungwe la Coeliac UK limapereka. Koma werengani ulendo uliwonse, ngakhale chinthu chomwe munagula sabata yatha, chifukwa opanga amasintha zosakaniza osakuuzani. Oats wamba musamukhulupirire, nthawi zambiri amakhala atasakanikirana ndi tirigu kumunda kapena kufakitale.

Zonsezi ndi za m'mutu, ndipo zimaphunzirika. Chomwe chinandigwetsa chinali china.

Amalawi a kuno timakumana kukapemphera, ndipo tikaweruka pamakhala tiyi ndi mandasi. Kwa ife amenewo si mandasi chabe, ndi kwathu kumene. Lamlungu lina mayi wina wachifundo anapatsa mwana wanga limodzi, ine ndinalumpha mipando n'kumulanda kukamwa pamaso pa anthu onse. Mwana analira, mayi uja anachita manyazi, wina kumbuyo ananong'ona kuti ana a ku UK ndi onyanyira. Ndinalumbira kuti Lamlungu lotsatira mwana wanga adzakhala ndi mandasi akeake.

Loweruka usiku ndinakanda ufa wopanda gluten. Sunagwirane. Gluten ndi amene amachititsa kuti mtanda utamuke n'kusunga mpweya, ndiye popanda iye umangokhala ngati dothi lonyowa. Ndinaponya m'mafuta, zinabalalika. Ndinayesa kachiwiri, zinatuluka zolimba ngati miyala. Kachitatu zinamwa mafuta onse. Nthawi inali cha m'ma 11 koloko, ufa wa ndalama zambiri uli m'bini, ine nditakhala pansi m'khitchini misozi ili chuchuchu. Sindinamve kuti mwana watsika masitepe. Anaima pakhomo ndi zovala zake zogonera n'kunena kuti, "Amami, pepani chifukwa cha mimba yanga."

Mpaka lero mawu amenewo akandibwerera ndimamva kuzizira. Miyezi yonseyo ndinkaganiza kuti ndikumumenyera nkhondo, osadziwa kuti iye akuwerenga nkhope yanga. Ankaona mayi wousa moyo m'sitolo, wodandaula za mitengo, wokalipira bambo ake chifukwa cha mpeni, wonena "usadye" kakhumi pa tsiku. Mwana wa zaka 5 anafika podziona ngati iye ndiye vuto la m'nyumba.

M'mawa sitinapite kutchalitchi. Ndinaimbira amayi anga ku Ntcheu n'kuwakhuthulira zonse, zomwe ndinkawabisira miyezi yonseyo. Anandisiya ndilire, kenako anayamba kufunsa ngati akuwerenga mbuzi.

"Nsima amadya?"

"Amadya, Amayi."

"Mpunga? Mbatata? Chinangwa? Nyemba, nsomba, nkhwani wotendera?"

"Zonsezo amadya."

"Nthochi?"

"Eya."

"Ndiye iwe ukulira chiyani? Ine ndakulera ndi buledi? Mukazingire zitumbuwa mwanayo."

Ndinaseka misozi ili m'masaya. Zitumbuwa! Nthochi zakupsa kwambiri, ufa wa chimanga, kamchere, kasoda, basi. Mulibe tirigu ndipo simunakhalepo tirigu. Tsiku lomwelo ndinakanya nthochi zomwe zinkada pa tebulo, ndinakazinga m'mafuta atsopano, mwana anadya zinayi ataimirira. Lamlungu lotsatira ndinapita ndi beseni lodzaza, ndipo zinatha mandasi asanathe. Akuluakulu ankalimbirana, ena akuti anazidya komaliza ali ku pulayimale. Mwana wanga ankayenda pakati pawo akuuza aliyense kuti zimenezo ndi zake koma akuwagawira.

Kuchokera pamenepo ndinasiya kuthamangitsa chakudya cha tirigu chopanda tirigu. Ndinabwerera ku zomwe manja anga amadziwa. Madzulo tonse timadya chimodzi, nsima kapena mpunga, palibe mphika wa wodwala ndi mphika wa abwinobwino. M'mawa phala la mgaiwa kapena la mpunga, futali wa mbatata, mazira. Chigumu ndimaphika Lamlungu madzulo n'kuchidula zidutswa za sabata yonse. Ufa wa chimanga ndimagula thumba lalikulu m'masitolo a zakudya za ku Africa, nditawerenga kaye ngati sanalembe kuti mungakhale tirigu. Buledi wopanda gluten timagulabe mmodzi, ndimamusunga mu firiza n'kumatulutsa magawo awiriawiri, ndipo akawotchedwa amadyeka. Ndalama ya chakudya inatsika kufika pafupi ndi pomwe inali kale.

Ndinadzawerenga za dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, amene anaona kuti m'njala ya mu 1944 ndi 1945, buledi atasowa, ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabwerera anadwalanso. Zinandikumbutsa mwana wanga ku Area 25. Mwina matendawa anali nawo kale, koma nsima inkamuteteza ife osadziwa. Ndimaganiziranso ana ena kwathu, makamaka m'tauni momwe masikono ndi buledi zalowa m'malo mwa phala, amene amangomwetsedwa mankhwala a njoka chaka ndi chaka.

Za mtima wanga, sindinasanduke munthu wosekerera nthawi zonse, ndipo amene amakuuzani kuti muzingoganiza zabwino sanatayepo ufa m'bini pakati pa usiku. Ndinangosintha zinthu zingapo. Kudandaula za mitengo ndi kutopa ndimachitira bambo ake mwana atagona, kapena mnzanga wa kuntchito amene mchemwali wake ali ndi matenda omwewa. Patebulo ayi. Mawu oti "sungadye ichi" ndinawasintha kukhala "chako ndi ichi", zomwe zikutanthauza kuti chakecho chiyenera kukhalapo nthawi zonse. Mu firiza simusowa timakeke take, ndipo kukakhala phwando la tsiku lobadwa la mnzake ndimatulutsa kamodzi, ndimafunsiratu mayi wa mwanayo mtundu wa keke kuti kake kafanane. Masiku otopa kwambiri ndimaphika mpunga ndi mazira osadziimba mlandu. Ndipo akadya gluten mwangozi, zomwe zachitika kangapo, sindifufuzanso wolakwa mokweza mawu. Ndimamupatsa madzi ambiri, botolo la madzi ofunda pamimba, n'kulemba m'kabuku chomwe tikuganiza kuti chachititsa.

Kusukulu ndinapita ndi kalata ya dokotala, tinakhala pansi ndi aphunzitsi ndi oyang'anira khitchini. Pamenepo ndinadziwanso kuti dongo loseweretsa lija ana amaumba m'kalasi nthawi zambiri limapangidwa ndi fulawa. Kuligwira sikudwalitsa, koma mwana wa msinkhu umenewo zala zimathera kukamwa, ndiye amasamba m'manja akangomaliza.

Mu 2024 tinapita kumudzi kwa milungu itatu, ine ndili ndi chikhulupiriro choti kwathu ndiye kulibe vuto. Zinali zoona pang'ono chabe. Nsima ndi ndiwo tinkadya mtima uli m'malo. Thobwa la chimera cha mawere kapena mapira ndi labwinobwino, koma maheu ena amathiramo fulawa kuti asase msanga, ndiye wogula sindinkamupatsa. Chigumu cha pamsika ena amasakaniza fulawa kuti chifewe. Zitumbuwa za pamsewu zimakazingidwa m'mafuta omwe atulukamo mandasi. Ngakhale chigayo ndinafunsa, poti cha ku Tsangano ena amalima tirigu, ndipo ndinkafuna kudziwa ngati amagayitsa pomwepo. Amayi ankangondiyang'ana n'kupukusa mutu, koma anapita okha kukafunsa.

Amene anatigwetsa anali apongozi anga, mwachikondi chenicheni. Mdzukulu amene sanamuone zaka ziwiri wafika, iwo anatuma mwana kukagula masikono, n'kumupatsa theka ine ndili kubafa. Nditatuluka anati, "Kachidutswa kokha, mayi. Mwana angabwere kwa agogo ake osalawa kanthu?" Ndinamva magazi akuthamanga, koma ndinakumbukira za kutchalitchi kuja. Ndinagwada pafupi nawo n'kunena kuti, "Amayi, mwanayu tirigu amamusupula m'matumbo. Sizioneka lero lokha, zimamubwezera m'mbuyo kakulidwe." Usiku umenewo mwana anasanza, m'mawa mimba ili tuu, ndipo anakhala masiku atatu wofooka. Apongozi anagona pamphasa pafupi naye masiku onsewo. Sindinanene kuti ndinakuuzani. Tsiku lachinayi ndinawapeza akuthamangitsa mdzukulu wina amene analowa m'nyumba ndi bisiketi m'manja, ndipo pochoka anatipatsira thumba la ufa wa kondowole ndi mtedza wosenda okha. Ndikanadziwa ndikanawaimbira tisananyamuke, bambo ake n'kuwafotokozera okha, chifukwa mawu otere amalowa bwino akachokera kwa mwana wawo kusiyana ndi kwa mtengwa.

Pano mwana ali ndi zaka 7. Manambala a tTG anatsika pang'onopang'ono, zinatenga kupitirira chaka kuti afike pabwino, ndipo dokotala anali atatichenjeza kuti tisataye mtima ndi kuchedwako. Magazi anabwerera, mankhwala a ayironi anasiya, nsapato tasintha katatu. Amawerenga yekha malebulo, ndipo akapatsidwa chinthu amafunsa kuti muli tirigu kapena ayi asanalandire. Masiku ena amakwiya, makamaka anzake akamadya pizza, ndipo ndimamulola akwiye. Ndimamuuza kuti inenso zimandinyansa.

Chatsala ndi chimodzi. Dokotala anatiuza kuti matendawa amayenda m'magazi, ndipo mwa abale apafupi, makolo ndi ana obadwa nawo, mmodzi mwa 10 amapezeka nawo. Ine ndinayezetsa, ndilibe. Bambo ake, amene chifikireni kuno amadandaula za mpweya m'mimba ndipo sayenda opanda mankhwala a chilungulira m'thumba, akhala akuzengereza kwa zaka ziwiri. Akuti ntchito yachuluka. Ine ndikudziwa kuti akuopa kusiyana ndi buledi wawo ndi kabotolo ka Loweruka, poti mowa wambiri ndi wa balere. Sabata yatha mwana anawafunsa patebulo kuti, "Adadi, mukuopa jakisoni? Ine ndidzakugwirani dzanja." Fomu ya kokayezetsa ili pa chitseko cha firiji, tsiku lake ndi Lachinayi likubwerali, ndipo ndawauza kuti buledi asasiye kudya mpaka atatengedwa magaziwo.